ULULU WOBISALA M'NSHAWA NDI M'CIMANGA

Mlimi ali yense adziwa cuku, cija cimamera pa cimanga ndi nshawa zikasungidwa zosauma bwino. Ambiri aciyesa cinthu cacabe congoipitsa maonekedwe a mbeu. Koma akatswiri ofufuza anapeza kuti mtundu wina wa cuku, wochedwa Aspergillus flavus, umabala ululu woopsa umene dzina lace ndi aflatoxin.

Ululuwu unadziwika m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya copangidwa ndi nshawa zocokera ku Brazil. Anthu naonso uwapha. Ku Kenya m'caka ca 2004 anthu 317 anadwala atadya cimanga cacuku, ndipo 125 anamwalira. Kuno kwathu, mu August 2024, nduna ya za umoyo inalengeza kuti agalu pafupi-fupi 400 anaganiziridwa kuti anafa ndi cakudya ca cimanga cokhala ndi ululu womwewu.

Komabe ngozi yaikuru ndiyo ija yobwera mwakacetecete. Munthu akamadya pang'ono-pang'ono zaka zambiri, ciwindi cace cimaonongeka, nthawi zina kufikira kugwidwa ndi khansa, makamaka ngati ali kale ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B. Ofufuza aonanso kuti ana amene ali ndi ululuwu wambiri m'mwazi kawiri-kawiri amakhala opinimbira. Amai amvetse ici: kuphika, kukazinga kapena kufulula mowa sikuthetsa ululuwu. Ng'ombe ikadya gaga wacuku, ululu umaturukira mumkaka. Tsono mwambo uja wogulitsa nshawa zabwino ndi kusinja zofwapa ndi zoola kuti zikhale nsinjiro za m'phala la mwana ndiwo woipitsitsa, pakuti ululu wambiri umakhala m'zosankhidwazo.

Cuku cimeneci cimakhala m'nthaka, ndipo cimalowa m'mbeu zikali m'munda, makamaka mvula ikadula mbeu zisanakhwime, kapena ciswe ndi mbozi zikaboola makoko. Pa cifukwa ici akatswiri a bungwe la IITA, pamodzi ndi anzao a ku America ndi a Zambia Agriculture Research Institute, anafuna njira yocigonjetsera m'munda momwemo. Anapeza kuti m'nthaka yathu muli cuku cina ca mtundu womwewo cimene sicibala ululu. Anacisankha, nacipaka pa mapira okazinga amene sangamere, nathirako utoto wa buluu kuti munthu asawaphike. Mankhwalawa achedwa Aflasafe. Mlimi amawaza ndi manja makilogalamu 10 pa hekitala imodzi, patatsala masabata 2 kapena 3 kuti cimanga cimasule ngayaye. Cuku cabwinoco cimayamba kumera ndi kulanda malo, ndipo coipa cija cikafika cimapeza mnzace wakhazikika kale. M'minda yoyeserapo ya m'maiko angapo a mu Africa ululu unacepa ndi magawo 80 pa 100 kapena kuposapo. Za nthawi yowaza m'munda wa nshawa, ndi kumene mankhwalawa apezeka, funsani mlangizi wa m'dera lanu.

Koma mankhwala sakhululukira ulesi. Bzyalani ndi mvula yoyamba, ndipo kumbani nshawa zikangokhwima, mosamala kuti khasu lisateme makoko. Mukazula, musaziunjike pa dothi lacinyezi. Zitembenuzeni kuti nshawa ziyang'ane kumwamba, mphepo ipite pakati. Cimanga ciyanikidwe pa thandala kapena pa mphasa. Ena amawaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe poswa, enanso kuti thumba lilemere pa sikelo. Lekani zimenezo, pakuti madziwo ndiwo adzutsa cuku.

Nkhokwe ikhale yokwezeka ndi yofolera bwino udzu watsopano mvula isanagwe, ndipo matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma. Mbeu zoola, zofwapa ndi zosintha mtundu zisapatsidwe kwa ana, nkhuku kapena nkhumba. Zitenthedwe, kapena zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi nkhokwe.