Tisanakwere Bwato: Phunziro la Kukonza Ulendo wa Kumpoto kwa Nyanja

Malemba owerenga: Luka 14:28-30, Numeri 10:29-32, Machitidwe 27

Ife amene tinakulira ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Mpingu timadziwa madzi a pachitsime, a kudimba ndi a mumtsinje umene timawoloka titapinda buluku. Nyanja ambirife timangoimva. Choncho gulu lathu la achinyamata ophunzira za Master Guide litagwirizana zokayenda pa bwato kuchokera ku Nkhata Bay kulowera kumpoto, kudzera ku Usisya mpaka ku Ruarwe, tikugona m'matenti m'mphepete mwa nyanja, tonse tinaomba m'manja.

Tinalipo 14. Mtsogoleri wathu atafunsa kuti odziwa kusambira ndani, manja 11 anakwera m'mwamba. Patapita milungu iwiri tinapita kukayesa padziwe losambiriramo mumzinda wa Lilongwe, ndipo amene anatha kuyandama mphindi zisanu osagwira khoma anali anayi okha. Enafe tinanama chifukwa cha manyazi. Akuluakulu amati mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Ife tikanafera panyanja. Tsiku limenelo tinaphunzira mfundo imene yatsogolera kukonzekera kwathu konse: zinthu zofunika kwambiri paulendo wotere timazigamula tikadali pamtunda, mitima ili pansi.

Kuwerengera mtengo

Pa Luka 14 Yesu akunena za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuona ngati ali nazo zomalizira. Mtengo wa ulendo wathu si ndalama ya basi yodzera ku Mzuzu yokha ayi. Kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri amatsetsereka mpaka m'madzi, ndipo magombe a mchenga okocheza bwato ndi otalikirana. Chigawo chimenechi ndicho chakuya kwambiri panyanja yonse, pafupifupi mamita 700. Ku Ruarwe anthu amadalira mabwato, sitima ya Ilala ndi njira za miyendo zokwera mapiri. Wina akadwala kumeneko, sitingaimike njinga yakabaza monga tichitira pa Nsaru.

Ndiye tinagwirizana zitatu. Aliyense aphunzire kusambira ndi kupalasa tisananyamuke. Aliyense avale jekete loyandamitsa nthawi yonse imene ali m'bwato, ngakhale katswiri wosambira. Ndipo mtunda wa tsiku lililonse uyezedwe ndi mphamvu za wofooka kwambiri pakati pathu, osati za wamphamvu. Bwato losema pamtengo limaoneka losavuta msodzi akamapalasa, koma limagudubuka msanga kwa wosazolowera. Tinasankha mabwato a matabwa, komanso boti la injini lotiperekeza, ndipo chiwerengero cha okwera bwato lililonse tinachilemba papepala. Sitinaiwale ngozi ya pamtsinje wa Rusa ku Mchinji mu Epulo 2023, pamene bwato lonyamula anthu opita kumaliro linagudubuka. Ndi kufupi ndi kwathu, ndipo siinali nyanja.

Kuyesera kufupi ndi kwathu

Luso la kutchire saphunzirira pa tsiku la mavuto. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, ili pafupi nafe, ndipo ndi malo abwino oyeserera tikapempha chilolezo kwa a zankhalango. Tinagonako masiku awiri. Tinayesa kumanga tenti kukuda, kukoleza moto ndi nkhuni zogwa zokha, kumanga mfundo za chingwe zosamasuka, kukumba chimbudzi kutali ndi madzi, ndi kuzimitsa moto mpaka phulusa lizizire. Madzi akumwa tinkawiritsa kapena kuthira mankhwala a klorini.

Kumeneko tinaona zofooka zathu popanda kutaya moyo. Machesi ananyowa chifukwa tinawasunga malo amodzi. Ufa unatha msanga popeza munthu woyenda tsiku lonse amadya kuposa wokhala m'kalasi. Tsopano machesi, mankhwala, mafoni ndi zovala zosinthira zili m'mapepala apulasitiki, zogawidwa m'mabwato osiyana, kuti limodzi likagudubuka tisataye zonse.

Maso athu m'chipululu

Pa Numeri 10 Mose akupempha Hobabu kuti asawasiye, chifukwa iye ankadziwa malo omangapo misasa m'chipululu. Chodabwitsa n'chakuti Aisraeli anali ndi mtambo wowatsogolera, komabe Mose sanaone ngati kufunsa munthu wodziwa dera ndi kusowa chikhulupiriro. Nafenso tikufunika Hobabu wathu: asodzi Achitonga ndi Achitumbuka amene akhala panyanjayi moyo wawo wonse.

Iwo ndi amene angatiuze gombe lokocheza ndi mfumu yoti tikaipemphe malo ogona. Angatisonyeze njira imene mvuu zimadzera usiku potuluka kukadya, kuti tisaikepo tenti, ndiponso mathiriro a mitsinje ndi mabango kumene ng'ona zimakonda. M'madzi odekha a m'mabango ndi momwenso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, choncho tikadzabwerera tonse tidzapita kuchipatala kukayezetsa. Usiku aliyense adzagona m'neti, ndipo amene adzamve kutentha thupi, ngakhale titafika kale kunyumba, akayezetse malungo tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula.

Ndani anganene kuti lero sitinyamuka?

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Pa Machitidwe 27 nyengo yabwino yoyenda panyanja inali itadutsa, ndipo Paulo anachenjeza kuti ulendowo ukhala woopsa. Koma Yuliyo, mkulu wa asilikali, anamvera woyendetsa ngalawa ndi mwini wake. Ambiri anafuna kupitiriza, kamphepo kakummwera kanawanyenga, ndipo namondwe anawakankha masiku 14 mpaka ngalawa inasweka ku Melita. Anthu onse 276 anapulumuka mwa chifundo cha Mulungu, ena posambira, ena pogwira matabwa, koma ngalawa ndi katundu zinatayika.

Nyanja yathu ilinso ndi mphepo yake. Mwera umaomba kuchokera kummwera chakummawa, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni mpaka Ogasiti, ndipo umatha kuutsa mafunde aakulu masiku angapo. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto komweko, pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima yachitsulo inagonja, nanga bwato la ophunzira ochokera ku Kabudula? N'chifukwa chake tinapewa miyezi imeneyi, ndipo tidzamvera machenjezo a nthambi yoona zanyengo pa wailesi tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya Paulo yatiphunzitsa zinthu ziwiri zina. Choyamba, chitetezo sachitira voti. Gulu lotopa, lolakalaka kufika, limasankha kupitiriza. Tinagwirizana kuti mtsogoleri wathu kapena msodzi wotiperekeza, mmodzi yekha mwa awiriwa akati sitinyamuka, nkhani yatha. Chachiwiri, ngakhale katswiri amalakwitsa ngati pali ndalama imene ataye. Choncho mwini boti tidzamulipira pa tsiku, kaya tayenda kaya takhala, kuti asakhale ndi chifukwa chotilowetsa m'mafunde. M'ndondomeko yathu taikamonso masiku awiri opanda chochita, odikirira mphepo.

Sabata pagombe

Masiku awiri amenewa amatetezanso Sabata. Gulu limene lachedwa limayesedwa kupalasa Lachisanu madzulo, dzuwa likulowa, kapena kunyamuka Sabata m'mawa. Ife tinalemba kuti Lachisanu masana tikhale titakocheza, tamanga matenti, tatunga madzi ndi kuphika. Tidzanyamula ufa, nyemba, soya ndi mtedza. Pogula nsomba tidzakumbukira Levitiko 11: usipa ndi utaka zili ndi mamba, kampango ndi mlamba zilibe. Wina akatipatsa kampango mwaulemu, tidzathokoza ndi kufotokoza modzichepetsa, pakuti ndife alendo pamudzi pawo.

Tisananyamuke, makolo athu, abusa ndi akulu a mpingo adzalandira pepala losonyeza maina athu, kumene tidzagone usiku uliwonse, ndi tsiku loti ayambe kutifunafuna ngati sanamve za ife, popeza foni siigwira paliponse. Amayi ena a ku Nambuma, amene mwana wawo ali m'gulu lathu, anatifunsa kuti, "Ana inu, mukapeza nyanja yakwiya mudzatani?" Tinayankha kuti tidzabwerera, ngakhale Ruarwe tisanamuone. Iwo anavomera mwana wawo apite.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzapatsidwa ana a eni kuti tipite nawo kumaulendo a sukulu ndi kumisasa ya Pathfinder. Tidzapemphera tisananyamuke, ndipo tiyenera kutero. Koma pemphero lisalowe m'malo mwa jekete limene tinachita ulesi kubwereka.

Mafunso okambirana

1. Kodi n'chifukwa chiyani Mose anafuna Hobabu pamene mtambo unalipo?
2. Pagulu lanu, ndani ali ndi mphamvu yoimitsa ulendo, ndipo onse akudziwa?
3. Ndi zinthu ziti zimene timabisa chifukwa cha manyazi, zimene zingaike anzathu pangozi?