Malume ati boma likundidyetsa kale

Azakhali,

Ndine mtsikana wa kwa Kaphuka ku Dedza, ndili chaka chachitatu ku Bunda. Chiyambire ndakhala ndikulandira ngongole ya fizi ndi ya upkeep, ndipo pomwe yaperewera amathirapo ndi malume anga, omwe amalima kachewere n'kumakagulitsa pa Linthipe. Tsono atamva pa wailesi kuti ndalama za ophunzira zinakwera, asiya kunditumizira, ati boma likundidyetsa kale. Anzanga nawonso akuti zokwerazo n'za a chaka choyamba, ife akalefe tizingolandira zakale. Mtima unagwa moti fomu ya chaka chino sindinadzaze. Kodi ndingobwerera kumudzi?

Wodandaula, Kaphuka

Mwana wanga,

Chandiwawa m'kalata yakoyi si malume, koma fomuyo. Ukaweruka m'kalasi mawa, pita ku ofesi ya Dean of Students ukafunse ngati nthawi yofunsira ngongole idakalipo, ndipo ngati yatha, akuuze njira yodandaulira. Bungwe lopereka ngongolezi la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, silipereka ngongole ya zaka zinayi kamodzi. Chaka chilichonse umapempha mwatsopano, iwo n'kuunikanso ngati ukadali wosowa. Dzina lako likapanda kutuluka pa mndandanda wa chaka chino, sulandira zakale kapena zatsopano, ndipo fizi nayonso ikugwera wekha.

Za anzakozo, ndi nkhani za m'maluwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ophunzira analira kuti K350,000 pa chaka sikugulanso kanthu, ndipo mu 2024 boma linakweza upkeep kufika K560,000. Amene ankalirawo anali kale m'makoleji, ngati iweyo. Ndalamayi imatsata dzina lovomerezedwa chaka chimenecho, osati chaka chomwe munthu unalowa pageti. Ku ofesi komweko akakuuza chiwerengero chomwe chikuperekedwa panopa, ukachilembe papepala, pakuti pepalalo lili ndi ntchito kumudzi.

Tsopano malume. Usawaipire mtima. Munthu amene amawerengera thumba la feteleza ndi mankhwala opopera kachewere akamva K560,000 amaona ngati chuma chogulira ng'ombe. Sanauzidwe kuti ndalamayo ndi ya chaka chonse. Igawe pa miyezi isanu ndi itatu yomwe umakhala pasukulu, upeza K70,000 pa mwezi. M'menemo muchoke lendi ngati ukugona kunja kwa koleji, makala, ufa, ndiwo, sopo, bandulo ya intaneti, kupulinta ntchito za m'kalasi, ndi minibasi yobwerera kwanu. Lemba zonsezi ndi mitengo yake yeniyeni, usawonjezerepo ngakhale tambala. Akuluakulu amanunkhiza bodza msanga, ndipo akakugwira pa sopo sadzakhulupiriranso za lendi.

Chinanso chomwe wailesi sinawafikitsire bwino: boma silikukudyetsa, likukubwereka. Pakatha zaka ziwiri utamaliza maphunziro ngongoleyo imayamba kuitanidwa, ndipo ukalembedwa ntchito imadulidwa pa malipiro ako. Kukwera kwa upkeep ndi kukweranso kwa zomwe udzabweze. Mphatso yosabweza ilipo ku bungwe lomweli, koma imapita kwa ochepa omwe akhoza mwapamwamba kwambiri. Ngati magiredi ako ali bwino, funsanso za imeneyo.

Nkhaniyi usaikambe pafoni, kapena pamsika makasitomala ali pomwepo. Kwathu kuno malume ndi mwini mbumba, ndipo mwini mbumba sakalipiridwa ndi mphwake. Yamba wakhala pansi ndi mayi ako, uwaonetse pepala lija, iwo ndiwo akafikire mlongo wawo iwe uli pambali. Uyambe ndi kuthokoza zaka ziwiri zomwe akunyamula. Kenaka usapemphe zonse monga kale, pakuti nawonso kwacha yomweyi yawapweteka. Tchula chomwe chikuperewera. Akati ndalama palibe, pempha ufa, nyemba ndi kachewere yemweyo. Thumba lokwezedwa basi pa Linthipe lifika ku Lilongwe tsiku lomwelo, ndipo likuchotsera theka la nkhawa ya m'mimba.

Zobwerera kumudzi uli chaka chachitatu ndakana. Ngongole ya zaka ziwiri zapitazo idzakulondola ngakhale ulibe digiri. Ukapita ku ofesi kuja, tenga chiphaso chako cha unzika ndi cha sukulu, ndipo undilemberenso zomwe akakuyankhe.

Azakhali