Phunziro 17: Nkhunda Ilibe Chingwe

Tiwerenge pamodzi mau awa: nkhu-nda, chi-u-nda, ma-u-nda, kho-la, pha-le, chi-to-pa.

Amayi ndi abambo a m'koperativa, m'phunziro lathali tinawerenga za mbuzi. Mbuzi timaimanga ndi chingwe. Ng'ombe timaitsekera m'khola. Lero tiwerenga za chiweto chimene sichimangika. Nkhunda ikatuluka m'mawa imapita kumene yafuna. Madzulo imabwera yokha. Koma tsiku limene yaona kuti pakhomo panu palibe chabwino, sibweranso, ndipo simungakaisumire kwa amfumu.

Ine zimenezi ndinaziphunzira ndi manyazi. Nditangosiya sukulu, atsibweni anga anandipatsa nkhunda 4. Zinaswana mpaka kufika 14. Chaka china, m'mwezi wa Okutobala, anandiitana ku Ulongwe kukaphunzira kaphunzitsidwe ka akulu-akulu. Ndinakhalako masabata awiri. Pochoka ndinasiya chimanga, ndi kuuza mng'ono wanga kuti azizipatsa. Za madzi sindinanene. Ndinkati nkhunda ili ndi mapiko, ikamva ludzu ipita kumtsinje.

Pobwera ndinapeza nkhunda 3 zokha. M'chisa china munali maunda awiri akufa. Zinazo ndinakaziona tsidya la dambo, zitandanda pa khola la bambo wina wachikulire. Ndinapita kukafunsa. Iwo sanakalipe ai. Anangoti, "Mwana wanga, ine sindinaitane nkhunda ya munthu. Itana zako, zikakumvera utenge." Ndinaitana mpaka kukhosi kuuma. Ndinabwerera chimanjamanja.

Kumudzi anthu anati bambo amenewo ali ndi mankhwala okokera nkhunda za eni. Ine ndinasuzumira m'phale limene linali pansi pa khola lawo. Munali madzi oyera, basi.

Madzi

Nkhuku ikamamwa imatapa madzi, n'kuyang'ana kumwamba, n'kumeza. Nkhunda siitero. Imamiza mlomo ndi kukoka madzi monga ng'ombe. Ndiye madzi ochepa a pa chivundikiro cha poto saithandiza. Pisani chala m'phale. Madzi afike pa mfundo yachiwiri ya chalacho.

Tayani madzi a dzulo, tsukani phale, thirani atsopano. Chitani chomwecho tsiku lililonse, ngakhale nthawi ya dzinja. Phale likhale pamthunzi. Lisakhale pansi peni-peni pamene nkhunda zimatera, chifukwa zitosi zimagweramo.

Nkhunda imakondanso kusamba. Ikani beseni lakale padzuwa kawiri pa sabata. Zikatha kusamba, madziwo mutaye kuti zisamwe.

Chakudya

Anthu ambiri amati nkhunda imadzidyera yokha. Inde, m'mwezi wa Meyi ndi Juni, pamene tikukolola, imatola zambiri m'minda. Nanga mu Januwale ndi Febuluwale itola chiyani? Nthawi imene njala yalowa m'nyumba, yalowanso m'khola.

Nkhunda imodzi yaikulu imadya magalamu ngati 30 pa tsiku. Tengani pensulo tiwerengere. Nkhunda 10 zidya magalamu 300 pa tsiku. Pa masiku 30 zidya makilo 9. Pa chaka chathunthu ndi makilo oposa 100, ndiye kuti matumba awiri a makilo 50 ndi kakenso pamwamba. Zina zidzatola zokha kutchire, komabe theka lake muliwerengere pa nkhokwe yanu. Munthu amene sangapatule thumba limodzi asasunge nkhunda 10. Asunge 4, zikhute.

Chimanga chokha sichikwanira, makamaka pamene zili ndi maunda. Sakanizani ndi mawere, mapira kapena tirigu. Onjezani nsawawa zouma, khobwe kapena nandolo. Muyeso wake ndi wosavuta: manja atatu a chimanga ndi mawere, dzanja limodzi la nsawawa. Soya muyambe mwakazinga. Nyemba zosaphika musazipatse. Madeya okha sakhutitsa nkhunda, pakuti iyo ndi mbalame yotola njere.

Pali zinthu ziwiri zakupha. China ndi chimanga chachuku, chija timasankha pansi pa nkhokwe n'kumati "ichi n'cha ziweto". Chinanso ndi mbeu ya m'sitolo yopaka mankhwala ofiira kapena obiriwira. Yotsala pobzala muisunge patali. Mwana asaione ngati chakudya cha nkhunda.

Mukapha nkhuku mumapeza timiyala m'nthutumba. Timiyalato ndiwo mphero yake, poti mbalame ilibe mano. Nkhunda nayonso imatifuna. Ikani mchenga wokhakhala wa kumtsinje m'kachitini. Sakanizani ndi zigoba za mazira zootcha ndi kusinja, ndi kamchere pang'ono. Mukaona nkhunda zikujompha khoma la nyumba, zikufuna zimenezi.

Muzidyetsa kawiri, m'mawa ndi madzulo, pa malo amodzi-modzi. Poponya chakudya muziimba likhweru kapena kugwedeza chimanga m'chitini. Zikazolowera, zidzabwera mukangoitana. Ine tsiku lija ndinaitana nkhunda zimene sindinaziphunzitsepo mau anga.

Banja la nkhunda

Tambala mmodzi amayendetsa misoti khumi. Nkhunda ai. Yaimuna imodzi, yaikazi imodzi, ndipo zimakhala limodzi mpaka ina itafa kapena kusowa. Choncho m'khola zazimuna zichuluke mofanana ndi zazikazi. Yaimuna yopanda mnzake ndiyo imayambitsa ndewu ndi kuswa mazira a zinzake.

Yaikazi imaikira mazira awiri. Lachiwiri limabwera patapita masiku awiri. Zimafungatira masiku 18, nthawi zina 17 kapena 19. Abambo, apa musatseke buku. Yaikazi imafungatira usiku wonse mpaka dzuwa litakwera. Kenaka yaimuna imalowa, n'kukhala pa mazira mpaka chakumadzulo, kuti mnzake akadye ndi kumwa. Maunda akaswa, zonse ziwiri zimawadyetsa. M'masiku oyamba zimawapatsa chakudya choyera chonga mkaka, chimene chimapangika m'kathumba ka pakhosi pawo. Yaimuna nayonso imatulutsa mkaka umenewu. Pambuyo pake zimayamba kuwalavulira njere zofewa.

Mwaona tsono chifukwa chake legeni ndi yoipa pamudzi. Mwana akalasa nkhunda imodzi, nthawi zambiri waphanso mazira awiri kapena maunda awiri amene sanawaone.

Chiunda chimakula msanga. Pa masabata anayi chamera nthenga, chanenepa, chili pafupi kutuluka. Imeneyo ndiyo nthawi yosankha: ichi chisungidwe, ichi chigulitsidwe, ichi chikhale ndiwo ya wodwala kapena ya mlendo. Chimene mwasunga chidzayamba kuikira chikakwana miyezi ngati 6. Musachite chisoni n'kusunga onse. Khola likadzaza mopitirira, matenda amabwera, ndewu zimachuluka, ndipo zina zimasamuka.

Khola

Kuno kwathu kumazizira. Mu Juni ndi Julaye mphepo ya mwera imapha maunda opanda nthenga. Makomo a khola ayang'ane kumpoto, afulatire mphepo. Denga lifoleredwe bwino, lisadonthe.

Khola likhale pamwamba pa nsanamira, kutalika kufika m'mapewa a munthu wamkulu. Likatalika kwambiri simudzatha kusesamo, ndipo khola losasesa ndi nyumba ya utitiri. Banja lililonse likhale ndi zipinda ziwiri, chilichonse masentimita 30 m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Chifukwa chiyani ziwiri? Maunda akangokwana masabata awiri kapena atatu, mai wawo amafuna poikira mazira ena. Akasowa chipinda amaikira pakati pa maunda, mazira n'kusweka.

Adani mukuwadziwa: khoswe, mphaka, njoka, likongwe, khwangwala, kabawi. Pa nsanamira iliyonse khomani chitini chozondotsa kapena lata losalala kuti khoswe aterereke. Lambulani udzu kuzungulira khola. Nthawi ya mvula thirani phulusa m'tsinde mwa nsanamira chifukwa cha linthumbu. Linthumbu likakwera usiku, m'mawa mudzapeza mafupa okha.

Sesani kamodzi pa sabata. Yambani mwawaza madzi pang'ono, ndipo mumange kansalu pamphuno, chifukwa fumbi la zitosi zouma limadwalitsa chifuwa. Mukatha sambani m'manja ndi sopo. Maunda akachoka, udzu wa m'chisa muutenthe, muwaze phulusa, muike wina. Zitosi musataye. Ndi manyowa amphamvu kuposa ndowe, moti zaziwisi zimaotcha mbeu. Zikwirireni m'dzenje pamodzi ndi zinyalala kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenaka mupite nazo kudimba la kabichi ndi anyezi.

Pogula nkhunda

Nkhunda siiwala kwawo. Mu 1850 munthu wina dzina lake Paul Julius Reuter ankatumiza nkhani pa nkhunda pakati pa mizinda ya Brussels ndi Aachen ku Ulaya, mtunda woposa makilomita 100. Ankangomangirira kapepala, nkhunda n'kuuluka kubwerera kwawo. Nanga inu mukagula nkhunda yaikulu pa msika wa ku Domwe, n'kuimasula mawa lake, ingasochere njira? Idzakafika kwa mwini wake wakale inu musanathe kudya nsima. Ndalama yapita, ndipo mlandu wake ngovuta.

Gulani tiana ta masabata 5 kapena 6, timene tayamba kudya tokha koma sitinauluke patali. Ngati mwagula zazikulu, zitsekereni masabata atatu kapena anayi, makamaka mpaka zitaikira. Pakhomo pa chipinda muike timitengo kapena waya kuti ziziona kunja. Tsiku lomasula, masulani madzulo zisanadye. Zidzazungulira pang'ono, njala n'kuzibweza.

Musanalipire, igwireni m'manja. Maso akhale owala. Nthenga za kumbuyo zikhale zoyera, zopanda zitosi. Fupa la pachifuwa lisathwe ngati mpeni. Tsekulani mlomo muone kukhosi. Ndipo yachilendo isalowe msanga m'khola la zinzake. Ikhale payokha masabata awiri, muone ngati ili bwino.

Matenda

Chitopa tonse tikuchidziwa, chija chimasesa nkhuku nthawi yotentha. Nkhunda nazo zili ndi chitopa chawo, cha mtundu womwewo. Yodwala imamwa madzi kwambiri, imatsekula zamadzi-madzi zobiriwira, khosi limapindika, ndipo pojompha imaphonya njere. Mankhwala ochiza palibe. Ipatuleni msanga. Zina zimachira ngati muzimwetsa ndi kuzidyetsa pamanja pa malo ofunda. Yakufa ikwirireni mozama kapena itentheni. Musadye, musaponyere galu.

Nkhuku ndi nkhunda zisamwere phale limodzi. Nkhuku zanu zilandire katemera wa I-2, uja wodonthezera m'diso katatu pa chaka. Za katemera wa nkhunda funsani alangizi a ziweto.

Nthenda ina imagwira kukhosi. Mukatsekula mlomo mumaona zinthu zachikasu zonga phala louma. Imafala ndi madzi akumwa, ndiponso makolo amapatsira maunda powadyetsa. Musakokote ndi kamtengo, mudzatulutsa magazi. Imeneyi mankhwala ake alipo kwa a ziweto.

Mbalame zikayamba kufa zambiri masiku ochepa, kaya nkhunda, nkhuku kapena za kutchire, musazigwire ndi manja. Tumani munthu kwa alangizi kapena ku ofesi ya SDAE ku Ulongwe tsiku lomwelo. Ndipo ndikupempheni, makolo anga, chizolowezi chothamangira kumsika ndi ziweto zodwala chitheretu. Wogulayo ndi mnzanu, ndipo nthendayo idzabwerera kwanu kudzera pa mudzi wake.

Anansi

Nkhunda siidziwa malire a munda. Mvula yoyamba ikagwa, anzathu akafesa mawere kapena kubzala nsawawa, nkhunda za njala zimatsata m'mbuyo mwawo. Mwini munda akakwiya amathira mankhwala pa chimanga. Pamenepo zimafa nkhunda, nkhuku za anthu osalakwa, ndi galu amene wadya mtembo. Mlandu woyamba ndi wa mwini nkhunda. Sabata yobzala dyetsani nkhunda zanu zikhute zisanatuluke, kapena zitsekereni masiku ochepa mpaka mbeu zitamera. Khola musamange pafupi ndi denga la malata limene anzanu amakingira madzi akumwa.

Nkhunda ya mnzanu ikasamukira kwanu, kamuuzeni. Mugwirizane kuti adzaitenge usiku ili m'chipinda, kapena mumpatse chiunda m'malo mwake. Bambo a tsidya la dambo aja, patapita mwezi, ananditumizira maunda 4 m'dengu. Nkhunda zimene ndili nazo lero ndi zidzukulu za maunda amenewo.

Za ana athu ndinenepo pang'ono. Amakonda kutchera ulimbo ndi kusunga mbalame za kutchire m'kakhola ka mapesi. Zambiri zimafa masiku ochepa, chifukwa sizidya ndipo zimadzimenyetsa. Kuchigwa cha Zambezi, m'nkhalango za mitengo ya tsanya, kuli tizinkhwe tobiriwira ta nkhope yofiira. Timagona m'mphako za tsanya. Tikuchepa chifukwa mitengoyo ikudulidwa ndipo anthu amatigwira kukagulitsa. Wina akabwera nato pa msika, musagule. Mwana amene afuna mbalame yakeyake mpatseni nkhunda ziwiri ndi phale, ndipo madziwo azitunga yekha.

Ntchito ya sabata ino

Lembani m'kope mwanu: Nkhunda imaikira mazira awiri. Imafungatira masiku 18.

Werengerani: Mai wina ali ndi nkhunda 6. Iliyonse imadya magalamu 30 pa tsiku. Zonse zidya magalamu angati pa sabata imodzi?

Kambiranani m'gulu: Nkhunda za membala wa koperativa zatola mbeu m'munda wa membala mnzake. Alipire ndani, ndipo alipire chiyani? Mlembi alembe zimene mwagwirizana, tidzaziwerenga pamodzi.

Amene ali ndi khola la nkhunda akasuzumiremo madzulo ano. Awerenge zazikulu, mazira ndi maunda, alembe manambala atatuwo pa pepala, abwere nalo Lachinayi.