Chikanga, cham'mwamba ndi mbewa za ku Korea

Amayi ndi abambo a ku Mitande, mwana wanu akamakanda m'mikono ndi kuseri kwa mawondo usiku wonse, khungu louma ngati khungwa, chingakhale chikanga. Sichipatsirana ngati mphere. Chimakula nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi, khungu likamauma.

Ambiri mumathamangira masamba a cham'mwamba. Kodi amathandiza? Mu 2016 akatswiri a ku South Korea anayesa zimenezi pa mbewa zoyera zoweta m'nyumba zofufuzira, osati zija timakumba kumunda. Anayamba adwalitsa dala makutu a mbewazo powapaka mankhwala otchedwa DNCB ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba. Kenako anapakapo mankhwala ochokera m'masamba a cham'mwamba, ndipo kutupa kwa makutu kunachepa.

Nkhaniyi ndi yolimbikitsa, koma taonani. Khungu la mbewa ndi lopyapyala kuposa lathu, ndiye mankhwala amalowa msanga. Komanso anagwiritsa ntchito mankhwala oyeretsedwa ndi oyezedwa. Masamba osinja mu mtondo amabwera ndi dothi, ndipo pakhungu long'ambika angayambitse mafinya.

Pa anthu, kafukufuku wa ku Sheffield, England, wa 2013 anapeza kuti mafuta a mpendadzuwa sawononga khungu pomwe a olivi amalifooketsa.

Choncho musambitseni mwana ndi madzi ofunda, sopo pang'ono, mum'pake Vaseline thupi lisanaumitsitse, mum'wenge zikhadabo. Pakatuluka madzi achikasu kapena mwana akatentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.