Phunziro: Kodi wophunzira clinical psychology amaphunzira chiyani, ndipo amakagwira ntchito kuti?

Ophunzira ambiri a fomu 4 akamva za saikoloje amaganiza za munthu wokhala pampando, wina akumufotokozera mavuto ake, iye n'kumamulangiza. Zoona zilimo pang'ono, koma ntchitoyi ndi yakuya kuposa pamenepo, ndipo amene akufuna kuilowa ayenera kuidziwa bwino asanasankhe.

Tiyambe ndi kusiyanitsa anthu amene timawasokoneza. Psychiatrist ndi dokotala: anayamba waphunzira udokotala wonse, kenaka n'kudzaphunzira za matenda a maganizo, ndipo amalembera odwala mankhwala. Clinical psychologist sanadutse kusukulu ya udokotala, ndipo m'maiko ambiri salembera mankhwala. Iye amayeza mmene munthu akuganizira, mmene akumvera mumtima ndi mmene akuchitira zinthu, kenaka amamuthandiza pokambirana naye motsata njira zimene zinayesedwa. Palinso aphungu, anamwino a odwala maganizo ndi maclinical officer, ndipo pachipatala ngati cha Zomba Mental kapena cha St John of God ku Mzuzu, magulu otere amagwira ntchito modalirana. Ntchito ya clinical psychology siyakale kwambiri. Lightner Witmer anatsegula kiliniki yoyamba yotere mu 1896 pa yunivesite ya Pennsylvania ku America.

Tsopano njira zochizira. Pa yunivesite mudzayamba ndi Sigmund Freud wa ku Vienna, amene ankaphunzitsa kuti zambiri zotivutitsa zimachokera ku zimene tinakumana nazo tili ana n'kuzikwirira mumtima. Zina mwa zimene ananena sizinapirire atazifufuza, komabe ndi iye amene anatchukitsa mfundo yakuti kulankhula kungachize. Mudzakumananso ndi Carl Rogers, amene m'zaka za m'ma 1940 anatsindika kuti wothandizayo amve wodwala popanda kumuweruza ndiponso popanda kuthamangira kumuuza zochita. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti wamkulu amalangiza ndipo mwana amangovomera, phunziro la Rogers ndi lovuta kuposa mmene limaonekera. Kukhala chete mphindi zingapo munthu akulira, osanena kuti "limbani mtima", ndi luso lofunika kuliphunzira.

Njira imene ndikufuna tiikhalire pansi ndi CBT, imene inakula kuchokera ku ntchito ya Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960. Beck anaona kuti odwala matenda a kukhumudwa amakhala ndi maganizo obwera okha, mofulumira, amene amawakhulupirira osawafunsa. Maganizowo amabala chisoni, chisonicho chimasintha zochita za munthu, ndipo zochitazo zimabwerera kudzalimbitsa maganizo aja.

Tiyerekeze mnyamata amene sanakhoze bwino mayeso a MSCE. Mumtima akunena kuti, "Ndine chitsiru, ndachititsa manyazi makolo anga, palibe chimene ndidzapindule." Wasiya kupita ku mpira, sakudya bwino, amagona mpaka dzuwa litakwera. Anzake asiya kudzamuitana chifukwa amakana nthawi zonse, ndipo iye akuti, "Mwaona, palibe amene amandifuna." Katswiri wa CBT samuuza kuti ndi wanzeru, chifukwa mnyamatayo sangakhulupirire. Amamupempha kuti alembe ganizolo papepala, kenaka afunefune umboni pamodzi: ndi maphunziro ati amene anakhoza? Makolo ananena chiyani kwenikweni? Mnzake atalephera chonchi, iye angamutche chitsiru? Akatero amagwirizana kanthu kamodzi kakang'ono koti achite sabata imeneyo, mwina kukaonerera mpira Loweruka, ndipo akakumananso amakambirana mmene zinayendera. Zimatenga milungu ingapo, nthawi zina miyezi, ndipo wodwalayo amatuluka ali ndi luso loti adzagwiritse ntchito yekha. Ine ndimaikonda njira imeneyi chifukwa imalemekeza nzeru za wodwalayo.

Pali njira zinanso: yothandiza banja lonse pamodzi, yothandiza anthu m'magulu, ndi DBT ya Marsha Linehan, imene inakonzedwera anthu amene amadzivulaza kapena kuganiza zodzipha kawirikawiri.

Koma mwina mukufunsa ngati zinthu zopangidwa ku Vienna ndi ku Pennsylvania zingagwire ntchito kuno. Yankho labwino linachokera kwa anansi athu. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'madera kukhala pabenchi panja pa kiliniki ndi kuthandiza anthu, m'Chishona, kutchula mavuto awo, kusankha limodzi loyamba nalo, ndi kupeza chochita. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anathandizidwa pabenchipo anachira bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Apa pali phunziro lalikulu kwa inu. M'dziko limene akatswiri ndi ochepa, katswiri sangaone wodwala aliyense. Gawo lalikulu la ntchito yake limakhala kuphunzitsa ndi kuyang'anira ena, komanso kuonetsetsa kuti njirazo zikulankhula chiyankhulo cha anthu. Wodwala wa kuno sabwera kudzanena dzina la matenda la m'buku. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, tulo sakupeza, akuganiza kwambiri. Mwina wadutsa kale kwa abusa kapena kwa sing'anga, ndipo katswiri wonyoza zimenezo amataya wodwala tsiku loyamba lomwe.

Nanga njira yofikira pa ntchitoyi? Apa mumvetsetse, chifukwa ambiri amakhumudwa mochedwa. Digiri yoyamba ya saikoloje, monga imene mungaphunzire ku University of Malawi ku Zomba kapena ku University of Zambia ku Lusaka, sikusandutsani clinical psychologist. Ndi maziko chabe. Mudzaphunzira za ubongo, kakulidwe ka mwana, matenda a maganizo, ndiponso kafukufuku ndi masamu a ziwerengero, amene amadabwitsa ambiri omwe anathawira ku saikoloje poopa masamu. Kuti muloledwe kuchiza, pamafunika digiri yachiwiri yokhala ndi nthawi yaitali yoona odwala mukuyang'aniridwa ndi katswiri wodziwa kale. Ku South Africa, munthu akamaliza honours amachita masters, kenaka chaka chimodzi cha internship ndi chaka china chotumikira m'zipatala za boma, ndipo amalembetsa ku bungwe la HPCSA. Ku Britain amachita digiri ya udokotala wa clinical psychology ya zaka 3. Konseku malo ndi ochepa ndipo opikisana ndi ambiri, choncho magiredi abwino ndi umboni woti munagwirapo ntchito ndi anthu ovutika zimawerengedwa kwambiri.

Ntchito za clinical psychologist sizili m'chipatala cha odwala maganizo mokha. Akatswiri amafunika kwa odwala khansa ndi amene ali ndi HIV, kwa amayi ovutika maganizo atabereka, kwa ana ochedwa kuphunzira, kundende ndi kukhoti, kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, ndiponso pakagwa tsoka ngati namondwe wa Freddy wa mu 2023, amene anasiya anthu ambiri kum'mwera ataferedwa ndi kutaya nyumba. Ena amaphunzitsa ndi kuchita kafukufuku. Amene wathera pa digiri yoyamba angagwire ntchito m'mabungwe, m'maofesi oona za antchito, kapena kuwonjezera maphunziro a uphungu, koma asadzitche clinical psychologist. Kutero n'kunamiza munthu amene wabwera ali pamavuto.

Kulikonse kumene mungagwire, lamulo la chinsinsi silisintha. Zimene wodwala wanena simukazinena kwa mkazi wanu, kwa mnzanu, ngakhale kwa makolo ake akakhala wamkulu, pokhapokha moyo wake kapena wa munthu wina uli pangozi. M'madera athu mmene aliyense amadziwana ndi mnzake, lamuloli ndi lolemera zedi.

Ntchito ya kunyumba: lembani nkhani ya mayi wongoyerekeza amene bizinesi yake yagwa atatenga ngongole ku banki mkhonde. Sonyezani ganizo limene likumubwerera, mmene akumvera mumtima, ndi zimene wasiya kuchita. Kenaka lembani mafunso atatu amene mungamufunse, koma pasakhale ndi limodzi lomwe lokhala ndi malangizo mkati mwake. Tidzawerengerana m'kalasi.