N'chifukwa chiyani wotchi yanga imawala mumdima?

Funso: Akatswiri, ndinagula wotchi yapamkono pa kaunjika. Magetsi akazima, mivi yake ndi manambala zimawala mobiriwira mpaka mbandakucha, chonsecho mulibe babu. Mnzanga akuti muli poizoni. Kodi n'zoona? — Wowerenga, Zomba

Yankho: Musade nkhawa. Mawotchi ambiri amakono amapakidwa utoto wa ufa wotchedwa strontium aluminate, wothiridwamo europium ndi dysprosium pang'ono. Ziwirizi zili m'gulu la miyala ya rare earth, gulu lomwe likupezekanso ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe.

Dzuwa kapena nyali ikaunika wotchiyo, europium imayamwa kuwalako, ndipo maelekitironi ake ena amakodwa m'timisampha ta mkati mwa ufawo. Dysprosium imathandiza kuti agwidwe nthawi yaitali. Kutentha kumawamasula pang'onopang'ono, ndipo akamabwerera amatulutsa kuwala kobiriwira kuja. Maelekitironi a m'misamphamo akatha, kuwala kumazilala. Mukaika wotchiyo padzuwa imayambiranso kuwala.

Ufawu unapangidwa ndi kampani ya Nemoto ku Japan m'chaka cha 1993, ndipo umawala kwambiri komanso motalika kuposa utoto wakale wa zinc sulfide. Ulibe cheza choopsa.

Komabe mantha a mnzanuyo ali ndi pochokera. Kale ankagwiritsa ntchito utoto wa radium, womwe uli ndi cheza choopsa, ndipo m'ma 1920 ku America amayi opaka mawotchi, omwe ankasongola burashi ndi milomo, anadwala koopsa, ena n'kumwalira. Choncho wotchi yakale kwambiri musaitsegule kapena kupala utoto wake, ngakhale itasiya kuwala.