Mizere ya mbidzi za ku Nyika ndi sikirini yosafuna magalasi

Amene tinafikapo ku Chelinda, pamwamba pa Nyika m'boma la Rumphi, tikudziwa kuti mbidzi ikakhala patali imangooneka yotuwa ngati bulu. Mizere ilipo ndithu, koma diso lalephera kuilekanitsa. Tikamayandikira, timafika pamalo pamene wakuda ndi woyera umayamba kuoneka pawokhapawokha. Mtunda umenewo ndiwo umatiuza mphamvu ya diso lathu.

Tchati cha zilembo chimene Herman Snellen anakonza mu 1862, chija timawerenga kuchipatala titaima mamita 6, chimatengera kuti diso labwino limaona kamzere ka mamilimita pafupifupi 1.75 pa mtunda umenewo. Tikachulukitsa, mzere wa masentimita 3 umayamba kusowa pa mamita pafupifupi 100.

Sikirini nayonso imayezedwa ndi mizere. Koma pali mtundu wina wotchedwa light field, woonetsa zinthu ngati zogwirika popanda kuvala magalasi, umene kuuyeza kwake n'kovutirapo.

Tiyeni titambasule mkono, tiimike chala, kenako tizitseka diso ili ndi ilo mosinthana. Chalacho chikudumpha, chifukwa maso athu ndi otalikirana masentimita 6 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo lililonse limaona zake. Sikirini wamba imapatsa maso onse awiri chithunzi chimodzi. Ya light field ili ndi timagalasi ting'onoting'ono pamwamba, timene timaponya kuwala mbali zosiyanasiyana, kotero diso lililonse limalandira chithunzi chake, ndipo tikasuntha mutu timaona m'mbali mwa chinthucho. Nzeruyi ndi yakale: Gabriel Lippmann wa ku France anaifotokoza mu 1908. Zithunzi zapulasitiki zija zimasintha tikazipendeketsa ndi zapachibale pake.

Nkhani yagona pa timadontho topanga chithunzi. Sikirini ya 4K ili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, tonse pamodzi 8,294,400. Ikamaonetsa zithunzi 45 nthawi imodzi, chilichonse cholunjika mbali yake, nsima ndi yomweyo koma odya achuluka: chithunzi chimodzi chimapata timadontho 184,320 basi. Kachipangizo kamasewera ka Nintendo 3DS, ka mu 2011, kanali ndi timadontho 800 m'litali, koma diso lililonse linkalandira 400. Wogulitsa amene walemba 4K pakatoni sananame, koma sananenenso zonse.

Kugawaku ndi poyambira chabe. Zithunzi zoyandikana zimalowerana, ndipo chinthu chooneka ngati chili pagalasi penipeni chimakhala chakuthwa kuposa chooneka ngati chatulukira kutsogolo kapena chalowa mkati. Nambala imodzi siingafotokoze zonsezi.

Ndiye tibwerere kwa mbidzi. Timaonetsa mizere yakuda ndi yoyera pasikirinipo, timaika kamera pamene pangakhale diso la munthu, khomo lake lolowera kuwala litachepetsedwa kufanana ndi kamwanadiso, n'kumachepetsa mizereyo mpaka isanduke yotuwa. Timalemba kukula kwa mizere yomaliza kuoneka. Kenako timabwereza mizereyo itaikidwa kuti ioneke kutsogolo kwa galasi, n'kubwerezanso ili kumbuyo, n'kusunthanso kamera kumanja ndi kumanzere. Mizere yoimirira ndi yogona tiziiyeza payokha, popeza masikirini ambiri otere amasintha chithunzi tikasunthira m'mbali mokha, osati tikadzuka kapena kuwerama.

Ena angati zimenezi n'za kutali ndi ife. Komatu ena mwa amene tikuphunzira zaumoyo tidzaonetsedwa mtsempha kapena fupa pa sikirini yotere, ndipo ena tidzakhala m'makomiti ovomereza kugula zipangizo ndi ndalama zosowa kale. Tikadzauzidwa kuti sikiriniyo ndi yakuthwa, tidzafunse kuti woyezayo anaima pati, ndiponso mizere yake inali pagalasi, kutsogolo kapena kumbuyo.